Zikomo chifukwa cha mayi a pa tebulo la pakhomo

Kwa Oyang'anira Laibulale,

Bwana,

Ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina yoyendera ya kumudzi, ndipo ndalemba kalatayi pofuna kuthokoza ofesi yanu chifukwa cha mmene anandithandizira mayi amene amakhala pa tebulo loyamba, lija lili pafupi ndi khomo. Dzina lawo sindilemba pano poti sindinawapemphe, koma inu mukuwadziwa.

Sukulu yathu inalandira mabuku kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino. Anafika m'makatoni, tinaimba, tinajambulitsa nawo, alendo atangopita tinawatsekera m'chipinda chomwe timasungamo makasu ndi choko. Teremu inatha, ina inathanso, chiswe n'kuyamba kulawa katoni ya pansi. Pa msonkhano wa aphunzitsi anandiloza ine kuti ndikonze laibulale, ati munthu wa masamu sangalephere kusanja zinthu. Ndinavomera, koma sindinkadziwa poyambira.

Ndiye ndinayamba kuyenda m'maofesi kufuna wondiunikira. Bwana, zomwe ndinaona kumeneko n'zimene zachititsa kuti kalatayi italike. Kwina ndinapeza jekete pa mpando, mwini wake ati watuluka pang'ono, ndipo pang'onopo panakwana mpaka nthawi yoweruka. Kwina anandiuza kuti ndibwere ndi kalata ya ahedi yokhala ndi chidindo. Nditabwera nayo anaiyang'ana mozondotsa n'kunena kuti inayenera kupita kaye ku ofesi ina, ndipo ku ofesi inayo onse anali ku wekishopu kunyanja. Pa koleji ina sindinafike n'komwe pamene pali mabuku. Ndinabwezedwa pa geti chifukwa ndinalibe chiphaso cha pamenepo, ngakhale ndinafotokoza kuti ndikufuna kungofunsa funso. Bambo wina, yemwe anandimvetsera diso lili pa foni, anamaliza ndi kundifunsa ngati ndabweretsa ya fanta. Kumbukirani kuti ulendo uliwonse wotere ndi ndalama ya kabaza ndi ya minibasi yotuluka m'thumba mwanga, komanso ana a Fomu 4 otsala opanda mphunzitsi.

Tsiku limene ndinabwera kwanu ndinali nditakonzeka kale kumva kuti ndibwere mawa. Mayiwo anandipatsa moni, n'kundifunsa chimene ndadzera, ndipo nditayamba kufotokoza anadzuka kukanditengera mpando. Mwina kwa inu n'chinthu chaching'ono, koma m'maulendo onse aja palibe anandidzukirapo. Sanafunse za kalata. Anafunsa kuti mabukuwo ndi amtundu wanji, ana alipo angati, chipindacho chimadontha kapena ayi, nanga makiyi amasunga ndani. Nditatchula kuti ndine wa masamu ndipo ntchitoyi angondikankhira, anaseka kwambiri. "Aphunzitsi," anatero, "ndiye muli m'njira ya munthu wamkulu." Analowa m'kati n'kutuluka ndi buku lakale, lomatidwa msana ndi tepi, lofotokoza za pulofesa wina wa ku India dzina lake S. R. Ranganathan, amene iwo anamuphunzira ali ku Mzuzu University.

Ndinakhala pakona n'kuwerenga mpaka masana, ndipo ndikufuna ndikuuzeni chifukwa chake bukulo linandigwira. Ranganathan anabadwa mu 1892 kum'mwera kwa India ndipo anali mphunzitsi wa masamu m'makoleji. Mu 1924 anamulemba ntchito yoyang'anira laibulale ya University of Madras, iye asanaphunzirepo kalikonse ka ntchitoyo. Patangopita masiku ochepa inamutopetsa, chifukwa ankangokhala yekha m'chipinda cha zii, ndipo anakapempha kuti abwerere m'kalasi. Akuluakulu anagwirizana naye kuti apite kaye ku London akaphunzire, ndipo akabwerako mtima usanasinthe adzamubwezera ku uphunzitsi. Anakaphunzira ku University College London, nagwirako ntchito ku laibulale ya ku Croydon pansi pa mkulu wa laibulaleyo, W. C. Berwick Sayers, nayenderanso malaibulale ambiri a m'dzikomo. Kumeneko anaona anthu wamba akulowa okha pakati pa mashelefu, kusankha buku, kulitsegula, kulibweza, kutenga lina. Atabwerera kwawo mu 1925 za kubwerera m'kalasi ya masamu sanazitchulenso. Anakhala pa Madras zaka pafupifupi 20, ndipo anatsegulira owerenga mashelefu amene kale ankawaonera patali.

Mu 1931 anatulutsa buku lake lotchuka, The Five Laws of Library Science. Malamulo ake asanuwo ndi afupiafupi moti mwana wa Fomu 1 akhoza kuwaloweza pa nthawi ya buleki. Loyamba limati mabuku ndi ogwiritsa ntchito. Nditawerenga pamenepo ndinaganiza za makatoni athu, amene tinawasandutsa mbale za m'kabati zija zimadikira alendo osabwera, eni nyumba akudyera m'zapulasitiki. Lachiwiri ndi lachitatu amayendera limodzi: wowerenga aliyense apeze buku lake, buku lililonse lipeze wowerenga wake. Lachisanu limati laibulale ndi chinthu chamoyo chimene chimakula. Koma limene linandikhudza ndi lachinayi, lakuti usamutayire nthawi wowerenga. Munthuyu anaona kuti nthawi ya wobwera kudzafunsa ndi yamtengo wapatali, ndipo anachilemba ngati lamulo la ntchito. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanalilemba ndi penti pa khoma la maofesi ena amene sindiwatchula, pamwamba penipeni pa mpando wa jekete uja.

Sanalekere pomwepo. Mu 1933 anatulutsa njira yake yosanjira mabuku yotchedwa Colon Classification, kenako anakhala pulofesa wa maphunziro a laibulale ku Banaras Hindu University kuyambira 1945, ndipo mu 1947 anapita ku University of Delhi. Mu 1962 anayambitsa malo ophunzitsira ndi kufufuza za ntchitoyi ku Bangalore, komwe anamwalirira mu 1972. Mpaka lero a ku India amakumbukira ogwira ntchito m'malaibulale pa 12 Ogasiti chifukwa cha iye. Ine ngati wa masamu ndinakopeka ndi njira yake yosanjira ija, koma mayiwo anandiletsa mwaulemu, ati ndi yabwino kwa akatswiri, koma pa sukulu ngati yathu ndingodzipweteka mutu. Anandionetsa ya Dewey, yomwe imagawa mabuku m'magulu khumi, n'kuyenda nane shelefu ndi shelefu mpaka tinafika pa 510, pamene pali masamu. Zambiri za manambala ndi timapepala tomata kumsana sindinazigwire zonse tsiku lomwelo, koma ndinatuluka ndikudziwa chochita Lolemba.

Tsono chimene ndalembera kwenikweni ndi ichi. Tinagwirizana kuti andichitire fotokope masamba angapo oti ndikaonetse ahedi. Tikupita ku makina, magetsi anazima. Ine mumtima ndinati basi, tafika pa "mubwere mawa" uja. Mayiwo anayang'ana wotchi, anandifunsa nthawi imene minibasi yomaliza ya kwathu imanyamuka, kenako anatenga cholembera ndi pepala n'kuyamba kukopera ndi dzanja magulu onse a Dewey, ndi zitsanzo za mabuku amene sukulu ngati yathu ingakhale nawo pansi pa gulu lililonse. Inali nthawi ya nkhomaliro. Kontena yawo ya chakudya inali pambali, ndinaiona, ndipo ndinawapempha kawiri konse kuti adye kaye. Anangoti, "Nsima sithawa, aphunzitsi, koma minibasi imathawa." Masamba otsalawo anawajambula ndi foni yawo n'kunditumizira pa WhatsApp ndi mayunitsi awo, ndipo nditatulutsa ndalama yoti ndiwabwezere anakankha dzanja langa ngati ndawalakwira. Zolemba zawozo ndi zooneka bwino kuposa za aphunzitsi ambiri amene ndimagwira nawo ntchito, ndipo pepalalo tsopano lili pa khoma la chipinda chathu, titaliika m'pulasitiki.

Ndisanatuluke ndinawauza nkhawa ya ahedi, yoti ana akaloledwa kugwira mabuku adzaba kapena kung'amba. Sanaichepetse nkhawayo. Anati ena adzasowadi, ndipo kope lolembamo obwereka ndi lofunika, komanso ana awiri kapena atatu odalirika oti azithandiza. Kenako anandikumbutsa kuti mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku zikwizikwi n'kutha usiku umodzi, ndipo anati zomwe zinapulumuka m'mabuku amenewo ndi zomwe anthu anali atawerenga kale. Mawu amenewa ndinakawanena pa msonkhano wa aphunzitsi momwe ndinawamvera, ndipo palibe anatsutsa, ngakhale uja amakonda kutsutsa chilichonse.

Panopa makatoni tatsegula. Mashelefu ndi matabwa ogonekedwa pa njerwa, chipinda chimatsegulidwa ana akaweruka, ndipo atsikana a Fomu 2 ndi amene akutsogola pobwereka. Madikishonale okha ahedi akanirira kuti azikhala mu ofesi mwawo, ndipo nkhondo imeneyo ndidakali nayo.

Pempho langa ndi lakuti muwauze mayiwa pamaso pa anzawo kuti kalata yotere yafika, chifukwa ndikudziwa kuti za madandaulo zimafika msanga ndipo zimawerengedwa mokweza. Ndipo ikapezeka wekishopu ina ya kunyanja yophunzitsa anthu kulandira alendo m'maofesi, musawatumize kukaphunzira, muwatumize kukaphunzitsa. Ophunzira ake ndikhoza kukulozerani kumene amakhala. Teremu ikubwerayi ndibwera ndi mphunzitsi mnzanga wa Chichewa kudzafunsa za mmene sukulu yathu ingamabwerekere mabuku kwanu, makamaka a m'chinenero chathu, poti m'makatoni muja simunapezeke ngakhale limodzi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa masamu