Dandaulo pa carnet ya makamera anga yomwe munandikonzera

Kwa a Manijala,

Ndaganiza zolemba kalata chifukwa pa foni zakanika, ndikaimba akungoti bwana atulukapo muimbenso, mwina pa pepala pano mundimva. Nkhani ndi ya ATA Carnet, bukhu la customs lolowera ndi zida za ntchito m'dziko lina mongoyembekezera, yomwe kampani yanu inandikonzera pomwe ndimapita kunja kukajambula msonkhano, ndinanyamula makamera awiri, malenzi, laputopu, maiki ndi magetsi ojambulira.

Ine ndinabwera kwa inu chifukwa mumalengeza kuti za customs ndiye kudya kwanu. Ndipo carnet si chinthu chachilendo choti munthu wa ntchito imeneyi azichita kulota ayi, pangano lake ndi la 1961, kenako kunabwera lina la ku Istanbul mu 1990, mayiko pafupifupi 80 amailandira ndipo oyang'anira ndi a World Customs Organization pamodzi ndi International Chamber of Commerce. Imagwira ntchito chaka chimodzi, munthu umalowa ndi zida zako za ntchito osalipira msonkho bola utuluke nazo zonse. Zimenezitu ndi zomwe mnyamata wanu anandiuza yekha tsiku lomwe ndimalipira, amayankhula mokoma kwabasi.

Koma taonani zomwe anachita. Ndinamutumizira zithunzi za pansi pa kamera iliyonse pomwe pamakhala siriyo nambala, zooneka bwinobwino, iye polemba pa mndandanda wa katundu uja anasinthanitsa manambala awiri pa kamera yaikulu, ndipo lenzi imodzi anangoti lens basi, opanda nambala opanda mtundu. Bukhulo munandipatsa madzulo ulendo uli m'mawa mwake, litamatidwa mu envulopu, ndikuti zonse zili m'malo mwake bambo musavutike. Ndinafunsanso kuti kodi pochoka ndikuyenera kuonana ndi a customs? Yankho lake lili pa WhatsApp mpaka lero: ayi ingokwerani ndege mukaonetsa mukafika. Limenelo ndi bodza lomwe landipweteka kuposa zonse. Carnet imayenera kudindidwa kaye ndi a customs a dziko lomwe ukuchokera, amaona katundu, kudinda chikuto chobiriwira chija ndi pepala lachikasu lotulutsira katundu, mapepala oyera ndi a dziko lomwe ukupita, polowa ndi potuluka. Popanda chidindo choyambacho bukhu lonse ndi mapepala chabe.

Ndiye nditafika ndinalowa mbali yofiira ya anthu oonetsa katundu ndili ndi mtima umodzi. Ofisala wake anali mayi wofatsa, sanandikalipire, anatsegula bukhu kuyang'ana pomwe pamayenera kukhala chidindo, mbee. Anatembenuza kamera chadodolido n'kumawerenga nambala chala chili pa pepala, kufika pakati anaima, kuyambiranso, kenako anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Manyazi ake inu! Kuoneka ngati ndabwera kudzazembetsa katundu wogulitsa pomwe kamerayo m'mbali mwake utoto unasupuka kalekale ndi thukuta la m'manja mwangamu. Ine sindikuwada a customs, iwo amagwira ntchito ndi zomwe zalembedwa, nambala ikasiyana kwa iwo ndi kamera ina basi.

Mapeto ake anandidzazitsa fomu yolowetsa katundu mongoyembekezera ndipo ndinalipira dipoziti pa zida zonse, mtengo anachita kuwerengera okha ngati kuti ndi zatsopano, ndalama yomwe ndinasungira malo ogona inathera pompo, moti ndinachita kuimbira abale usiku kuti anditumizireko. Zida ananditulutsira msonkhano utatsegulidwa kale ndipo omwe anandipatsa ntchito anadula malipiro anga, sindingawatsutse.

Za mabatire ndingotchulako pang'ono. Pepala lanu la malangizo limati zonse muike mu sutikesi yolimba yopita pansi pa ndege. Chonsecho mabatire a lithium apadera saloledwa kumeneko, amayenda mu chikwama cha m'manja, osapitirira 100Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu ya batire) alibe vuto, a pakati pa 100 ndi 160Wh umatenga awiri okha ndege ikavomereza. A pa bwalo la ndege anandiitana pa chimkuzamawu kukatsegula sutikesi anthu akuonerera. Pepala limenelo lichotseni lisanapweteketse wina.

Pobwerera ndiye nkhani inayambiranso, a customs a kwathu amafuna umboni woti zidazo ndinatuluka nazo osati ndagula kunja, ndipo umboni wake ndi pepala lachikasu lomwe lija lopanda chidindo. Chinandipulumutsa ndi malisiti akale omwe ndimasunga mu foni, apo bii ndikanalipira msonkho pa katundu wanga yemwe. Dipoziti ya kunja ija sinabwerebe, chikole chomwe ndinapereka potenga carnet nachonso chili chete, ndikafunsa kwanuko aliyense akuloza mnzake.

Chomwe ndikufuna sichovuta. Mundibwezere ndalama yonse yomwe ndinakulipirani pa ntchitoyi chifukwa ntchitoyo simunagwire. Mulembe kalata ya kampani yovomera kuti nambala inalakwika mu ofesi mwanu ndipo kuti ndi inu munandiuza zosadinditsa, ndiifuna potsatira dipoziti yanga, komanso mundipatse munthu m'modzi wodziwika dzina woti aziyendetsa za chikolecho mpaka chituluke, osati lero uyu mawa wina. Za malipiro omwe anandidula tikambirane pamaso, makalata ake ndili nawo.

Ndaphatikiza zithunzi za manambala zomwe ndinatumiza, tsamba la mndandanda lolakwikalo, mauthenga a pa WhatsApp ndi lisiti la dipoziti. Mundiyankhe molemba pasanathe masabata awiri, kupanda apo nkhaniyi ndikaitula ku bungwe lomwe limapereka ma carnet komanso kwa oona za ufulu wa ogula.

Ndine kasitomala wanu,
Wojambula zithunzi