Usakakamize Khosi, Mwana Wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tili bwino, kupatula bondo la mayi ako lomwe limavutabe kukazizira. Kanema unatumiza pa WhatsApp uja taonera kasanu konse. Poyamba mayi ako anafunsa kuti, "Nanga mzimayi akuimbayo ali pati?" Ndinawalozera ndevu zakozo. Tinaseka mpaka misozi, koma ine usiku umenewo sindinagone.

Ndinakumbukira Loweruka lija pa pulakatisi ya kwaya, uli ndi zaka 16, pamene ndinakuchotsa pamzere wa atsikana n'kukuika kumbuyo kwa azibambo a besi. Anzako onse mawu anali atasintha, ako okha anakana kutsika, ndipo ine mphunzitsi wa kwaya ndinaopa pakamwa pa anthu. Unaimba mokakamiza chaka chathunthu osadandaula. Ndinalakwa, undikhululukire.

Tsono ine amene ndinakukakamiza kutsika, lero ndikupempha kuti usalole wina akukakamize kukwera.

Wati akupatsa mbali mu opera, sewero loimba, imene analembera oimba othenedwa a ku Italy, ndipo pena ikumakuwawa pakhosi. Ndakhala ndikuwerenga za anthu amenewa. Ankawathena akadali ana kuti mawu asasinthe, ndiye ankakula ndi chifuwa cha munthu wamkulu koma kholingo la kamnyamata. N'chifukwa chake Farinelli, mmodzi wa otchuka mwa iwo, ankatha kukoka noti imodzi mpaka omvera kutopa kudikira. Womaliza wodziwika, Alessandro Moreschi wa kwaya ya Papa ku Sistine Chapel, anamujambula mawu mu 1902 ndi 1904. Ndamumvera, ndipo chimene chinandigwira ndi chisoni basi. Nyimbo zimenezo anazisokera matupi amene kulibenso. Iwe lako ndi lathunthu, monga unabadwira, choncho malaya a eni akathina si iwe wolakwa.

Ndipo olemba nyimbowo sanali ouma mtima ngati ena oziimbitsa lero. Mu opera ya Giulio Cesare ya 1724 ku London, wolemba wake Handel analembera mbali ya Sesto mzimayi, Margherita Durastanti. Chaka chotsatira mzimayiyo kunalibe, ndipo anaikonzanso kuti aimbe mwamuna wa tena, n'kumulembera nyimbo zina zatsopano. Ngati mwini wake ankasoka molingana ndi wovala, iwe ukuopa chiyani kukafunsa wotsogolera zoimbira kuti akutsitsireko? Ufunsenso usanasaine ngati zoimbira azichuna pa 415, monga amachitira ambiri oimba nyimbo zakalezi, kapena pa 440. Manambalawa akusonyeza kukwera kwa mawu a zoimbira, ndipo 415 ndiyo yotsikirapo. Kusiyana kwake n'kochepa, theka la toni, koma pamwamba paja kathekako ndi phiri la Mulanje. Akakana zonse, ikane mbaliyo mwaulemu. Ndaonapo anyamata akwaya akupsereza mawu pa msonkhano umodzi wokha wachitsitsimutso, osabwereranso mwakale.

Ukuopa kuti ukakana sadzakuitananso, ndikudziwa. Alfred Deller, amene anadzutsa kaimbidwe ka amuna a mawu okwera ku England, anali ndi zaka 48 pamene anaimba mu 1960 mbali ya Oberon imene wolemba nyimbo Benjamin Britten anamulembera. Iwe sunakwane n'komwe 30. Kuthamanga sikufika.

Za ndalama ndinene mwachidule. Unatiuza wekha kuti kumeneko amakulipira usiku umene waimba, ukadwala chimfine palibe chako. Ndiye za malata zija usiye kaye kutumiza. Denga likudontha pakona imodzi yokha, ndipo beseni lilipo. Uyambe wasunga za lendi za miyezi itatu, kuti tsiku lina usadzaimbe khosi litatupa chifukwa choopa mwini nyumba.

Mayi ako akuti uzivala mpango m'khosi ndipo usamagone mochedwa. Akupereka moni, pamodzi ndi alongo ako. Ukabwera pa Khirisimasi udzatiimbire kutchalitchi. Ndauza kale akwaya kuti malo ako ali kutsogolo, pamzere wa soprano, ndipo wofuna kuseka adzayambe waonana ndi ine.

Ndine,
Bambo ako