Ndende si mankhwala a ana olakwira malamulo

Akonzi,

Sindikugwirizana ndi amene akunena kuti ana ogwidwa akuba m'misika ya kuno ku Mangochi azitsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu kuti aphunzire mwambo.

Ndaphunzitsa zaka zambiri pasukulu ina ya m'mbali mwa nyanja, ndipo ndaona anyamata akusiya sukulu ali Sitandade 5 kuti azikakoka makoka n'kupezako ya ufa, koma nsomba zikasowa, monga chasowera chambo masiku ano, ena mwa iwo amayamba kutola za eni. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku America, Robert Merton, analongosola mu 1938 kuti munthu akamauzidwa kuti chuma ndicho ulemu, pamene njira zolungama zochipezera zatsekeka, amasaka njira zachidule. Mwana wa kuno amaona mnzake akubwera kuchokera ku Johannesburg ndi foni yodula komanso njinga yamoto, iye alibe ngakhale kope, ndipo zimenezi zimandiwawa mtima.

Kumuika mwana wotere m'chitokosi ndi mbava zokhwima n'kumupezera aphunzitsi oipa, ndipo akatuluka anthu amangomuitana wakuba mpaka dzinalo limamukanirira.

Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limalola kuti mwana wopalamula mlandu waung'ono asazengedwe ngati wamkulu, koma alangizidwe ndi kubweza zomwe anawononga. Ndikupempha apolisi kuti azitsata njirayi mothandizana ndi mafumu, mashehe ndi abusa, ndiponso boma litsegule malo ophunzitsira ukalipentala ndi kukonza injini za maboti pafupi ndi madoko.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Mangochi