Ragnar Granit sanabadwire ku Sweden ndipo sanali dokotala wa magalasi

Akonzi,

Ndalemba kalatayi ndili wokhumudwa kwambiri ndi kankhani kamene munasindikiza pa tsamba lanu la ophunzira sabata yatha, pamene munkatchula akatswiri amene analandirapo mphoto ya Nobel pa zachipatala. M'mizere yochepa imene munalemba za Ragnar Granit munalakwitsa zinthu ziwiri zikuluzikulu: munati anabadwira ku Sweden, ndiponso munati anali dokotala wa maso amene ankathandiza anthu osaona bwino kupeza magalasi. Zonse ziwirizi si zoona, ndipo ine amene ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale mpaka kupuma sindingazione n'kukhala chete.

Nyuzipepalayo sindinaigule ndine. Mdzukulu wanga wa Fomu 3 ndiye anadula kankhaniko ndi lumo, n'kukamata bwinobwino kumapeto kwa kope lake, kenaka n'kubwera nako kudzandionetsa ali wonyada. Nditamuuza kuti zimene zalembedwazo n'zolakwika, anandiyang'ana mokayika n'kunena kuti, "Agogo, koma zatuluka mu nyuzi." Mawu amenewa ndi amene andilembetsa kalata. Mwana amakhulupirira inu kuposa agogo ake, ndipo inu mwamudyetsa bodza.

Granit anabadwa pa 30 Okutobala 1900 m'dziko la Finland, limene panthawiyo linali pansi pa ulamuliro wa Russia. Banja lake linkayankhula Chiswidishi, ndipo mizu yake inali pa chilumba cha Korpo, kumwera chakumadzulo kwa dzikolo. Ndikuganiza kuti mtolankhani wanu anangoona kuti munthuyu ankayankhula Chiswidishi n'kumupatsiratu dziko lobadwira, osafunsa aliyense. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Finland inali mbali ya ufumu wa Sweden kwa zaka mazana ambiri mpaka 1809, ndipo mpaka lero Chiswidishi ndi chimodzi mwa ziyankhulo ziwiri za boma kumeneko, ngakhale kuti amene anachiyamwira ndi anthu pafupifupi asanu mwa anthu zana lililonse. Ife amene timayankhula Chichewa sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi, pakuti munthu wa ku Chipata kapena wa ku Angónia amene amayankhula chiyankhulo chathu sasanduka Mmalawi chifukwa cha lilime lake, ndipo mutamulemba choncho angakhale ndi chifukwa chomveka chodandaulira.

Sukulu anaphunzira ku Helsinki. Digiri ya udokotala anaitenga pa yunivesite ya Helsinki mu 1927, ndipo pa yunivesite yomweyo anakhala pulofesa mu 1937. Ku Stockholm anasamukira mu 1940, ali ndi zaka pafupifupi makumi anayi, dziko lake litangotuluka m'nkhondo ya m'nyengo yozizira imene Soviet Union inayambitsa kumapeto kwa 1939. Mu 1940 momwemo anaitanidwa ndi yunivesite ya Harvard ya ku America komanso Karolinska Institutet, sukulu ya zaudokotala ya ku Stockholm, ndipo iye anasankha Karolinska. Unzika wa Sweden anautenga pambuyo pake. Mukanalemba kuti analandira mphotoyo ali nzika ya Sweden sindikanatsutsa, chifukwa zimenezo n'zoona. Koma kunena kuti anabadwira kumeneko n'kufafaniza pafupifupi theka la moyo wa munthu, theka limene muli sukulu yake, aphunzitsi ake ndi chiyambi cha ntchito yomwe inam'patsa mphotoyo.

Komabe chimene chandipweteka koposa ndi nkhani ya magalasi ija. Granit sanatchuke chifukwa choyeza anthu maso kuchipatala. Anali katswiri wofufuza mmene mitsempha yonyamula uthenga imagwirira ntchito, ndipo anaphunzira luso limeneli kwa Charles Sherrington ku Oxford, komwe anapita koyamba mu 1928, asanakagwire ntchito ku yunivesite ya Pennsylvania kuyambira mu 1929. Funso lake linali lakuti: kuwala kukalowa m'diso, kumasanduka bwanji uthenga umene ubongo ungamve?

Ndili mphunzitsi ndinkapempha maso a mbuzi ku butchala kuti ana aone okha za m'kati mwake. Tikadula diso ndi lezala, kumbuyo kwake tinkapeza kachikopa kopyapyala, kotuwa, konga pepala lonyowa, kamene kankang'ambika tikangokagunda. Ana ankadabwa kumva kuti kuona konse kumayambira pa kanthu kofooka chotere. Kachikopa kameneka ndi retina, ndipo n'kamene Granit anathera nako zaka zambiri. Mu 1933 anasonyeza kuti mphamvu ya magetsi imene retina imatulutsa ikalandira kuwala, yomwe akatswiri amaitcha electroretinogram, ili ndi zigawo zitatu zimene anazitcha PI, PII ndi PIII, ndipo anazisiyanitsa poona mmene chilichonse chinkazimira pamene mphaka ankapatsidwa mankhwala ogonetsa. Anasonyezanso kuti kuwala sikumangodzutsa mitsempha ya diso ayi, koma kumathanso kuiletsa kutumiza uthenga, kutanthauza kuti retina imayamba yasankha ndi kukonza uthengawo usanafike ku ubongo. Kenaka, pogwiritsa ntchito tiwaya toonda kwambiri, anamvetsera maselo a mitsempha limodzilimodzi n'kupeza kuti ena amayankha kuwala kwa mitundu yambiri, pamene ena amayankha mtundu wochepa wokha, ndipo anaona kuti amenewa amaunjikana m'magulu atatu, cha ku buluu, cha ku zobiriwira ndi cha ku zofiira. Umenewu unali umboni wochokera m'mitsempha yeniyeni wothandiza maganizo akale a Thomas Young ndi Hermann von Helmholtz onena za mmene timasiyanitsira mitundu. Ndiuzeni, Akonzi, magalasi akulowa pati m'ntchito imeneyi?

Komiti ya Nobel yokha inanena momveka kuti mphoto ya 1967 inaperekedwa chifukwa cha zimene anapeza zokhudza mmene kuona kumayambira m'diso. Anagawana mphotoyo ndi Haldan Keffer Hartline ndi George Wald a ku America, amene inu simunawatchule n'komwe, ngati kuti Granit anailandira yekha. Mtolankhani wanu akanangowerenga chiganizo chimodzi chimenechi sakanalakwa. Akanapitiriza pang'ono akanapezanso kuti pofika 1967 Granit anali atasiya kale za diso kwa zaka pafupifupi makumi awiri, n'kuyamba kufufuza mmene ubongo ndi msana zimalamulira minofu kuti munthu ayende, aime kapena anyamule chinthu, ntchito imene anaichita akutsogolera Nobel Institute for Neurophysiology kuyambira mu 1945. Anamwalira ku Stockholm pa 12 Malichi 1991.

Vuto limeneli silinayambe ndi Granit. Kwa nthawi yaitali ndakhala ndikuona kuti tsamba la ophunzira ndi limene mumalisamala pang'ono kuposa masamba onse. Dzina la nduna kapena la katswiri wa mpira likalakwika, mawa lake mumapepesa pa tsamba loyamba, koma nkhani za sayansi zimaoneka kuti zimangotoledwa pa intaneti mothamanga, kumasuliridwa mwachisawawa, n'kuponyedwa pamalo pamene patsala mpata. Pamene m'sukulu zambiri zakumudzi buku limodzi amagwiritsa ntchito ana ochuluka, ndipo laibulale kulibe, tsamba lanu limenelo limadulidwa, kusungidwa ndi kuloweza pamtima. Mwana amene waloweza kuti wofufuza za mitsempha ndi wogulitsa magalasi amakula akuganiza kuti sayansi ya zachipatala imathera pa kulemba mankhwala, osadziwa kuti pali anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza mmene thupi limagwirira ntchito, ndiponso kuti iyenso angadzakhale mmodzi wa iwo. Zimenezi zimandiwawa chifukwa ndinataya zaka zambiri ndikuyesetsa kuuza ana zosiyana ndi zomwezi.

Pempho langa n'lakuti musindikize kukonza kwa nkhaniyi pa tsamba lomwelo ndi zilembo zazikulu ngati zomwe munagwiritsa ntchito poyamba, mutchule Finland, Hartline ndi Wald, ndipo muchotsemo magalasi aja. Kuyambira tsopano pezani mphunzitsi wa sayansi mmodzi yekha, ngakhale wopuma, aziwerenga tsambalo lisanapite kosindikiza. Mdzukulu wanga ndamuuza kuti asang'ambe kapepala kaja, asiye malo pambali pake oti adzamatepo kukonza kwanu.

Ndine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma, Zomba