Lembaniko za makochi a kusekondale

Akonzi,

Tsamba lanu la masewero limangokamba za makochi a matimu akuluakulu, uyu wachotsedwa, uyu wasaina, basi. Ine ndati ndikuuzeniko za mdala wina wa ku America, malemu John McKissick, mwina mungatengepo kanthu.

Bambo ameneyu anali kochi wa timu ya sekondale ya Summerville ku South Carolina kuyambira 1952 mpaka sizoni ya 2014, ndiye kuti masizoni 63 pasukulu imodzimodziyo osasuntha. Mpira wake ndi uja wa chiAmerica wonyamula m'manja atavala zipewa zolimba, osati wathu wa miyendowu ayi, koma ntchito yake ndi yomweyo, kutenga tianyamata tosadziwa kanthu n'kutiphunzitsa chaka ndi chaka, ena akamaliza sukulu kuyambiranso ndi atsopano. Anawina magemu 621 komanso zikho 10 za chigawo chawo, ndipo wosewera A.J. Green amene anadzatchuka ku timu yaikulu ya Cincinnati Bengals anadutsa m'manja mwake. Atapuma mu 2015 amene anatenga mpando ndi mdzukulu wake, tangoganizani, munthu mpaka kusiyira mdzukulu ntchito! Anamwalira mu 2019 ali ndi zaka 93.

Chondisangalatsa ine si magemu 621 aja kwenikweni koma sukuluyo, inamusunga ngakhale zaka zimene chikho sichinabwere. Nanunso tumizaniko mtolankhani kumasekondale akafunse aphunzitsi amene akhala ndi wezulo pakhosi zaka zambirimbiri, alipo ndithu, mayina awo tiwawerengeko Loweruka lina.

Wowerenga wanu,
Zomba