Dzanzi la m'miyendo nkhupakupa ikaluma lisamangopakidwa mankhwala otikitira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za anthu amene amadwala atalumidwa ndi nkhupakupa, kenaka n'kutsala ndi miyendo yochita dzanzi, yonyerenyesa kapena yotentha kumapazi usiku. Ambiri amangogula mankhwala otikitira, pamene vuto lili m'mitsempha yomwe imachititsa kuti khungu lizimva.

Kuno kwathu nkhupakupa za pa ng'ombe ndi m'tchire zimapatsa kachilombo ka Rickettsia africae. Pakapita masiku 5 mpaka 10 munthu amatentha thupi, mutu umawawa, mwanabele amatuluka, ndipo pamene panalumidwapo pamachita kachilonda ka nkhanambo yakuda. Malungo akayezedwa sapezeka. Mwa ochepa, dzanzi limadzabwera pambuyo pake. Matenda a Lyme, omwe nawonso amafalitsidwa ndi nkhupakupa ndipo amadziwika kwambiri ndi kuwononga mitsempha, amapezeka makamaka ku Ulaya ndi ku North America, choncho amakhudza abale athu okhala ku Britain, Ireland kapena United States. Chizindikiro chake ndi chibanga chomwe chimanka chikula kupitirira masentimita 5, koma pakhungu lakuda sichioneka chofiira, chimangokhala ngati munthu anadzigunda. Amene wabwera kuchokera kumeneko auze dokotala komwe anayenda, apo ayi palibe angaganize za Lyme.

Choyamba ndi kupha kachilomboko. Kwa akuluakulu mankhwala ake ndi doxycycline, mamiligalamu 100 kawiri patsiku: pafupifupi sabata imodzi pa matenda a kunowa, ndi masiku 14 mpaka 21 pa Lyme. Mumwereni madzi odzadza kapu ndipo musagone pasanathe mphindi 30, chifukwa akakakamira pammero amaotcha. Mkaka, mapiritsi oonjezera magazi ndi mankhwala a chilungulira zimalepheretsa doxycycline kulowa bwino m'thupi, choncho pazidutsa maola awiri kapena atatu. Mayi woyembekezera anene msanga kuti dokotala asankhe mankhwala oyenera.

Kachilombo kakafa dzanzi silichoka tsiku lomwelo. Mtsempha wovulala umachira pang'onopang'ono, kwa miyezi, ndipo kubwereza maantibayotiki mobwerezabwereza sikufulumizitsa kanthu, kumangosokoneza m'mimba. Panado ndi brufen sizithandiza kwenikweni ululu wa mtundu umenewu. Madokotala amapereka amitriptyline, kuyambira mamiligalamu 10 kapena 25 pogona. Amaumitsa kukhosi ndi kugonetsa tulo, ndipo phindu lake limaoneka pakatha sabata ziwiri kapena zinayi. Ena amasiya msanga ati sakugwira ntchito. Dziwaninso kuti amachepetsa kutentha ndi kubayabaya, koma dzanzi lenilenilo sachotsa.

Apa ndiye pofunika kusamala, pakuti phazi losamva limavulala mwini wake osadziwa. Madzulo alionse yang'anani kuphazi ndi pakati pa zala, pogwiritsa ntchito galasi kapena kupempha wina akuonereni. Madzi osamba ayeseni ndi chigongono, osati phazi. M'nyengo yozizira musayandikize mapazi pambaula, anthu amapsa mpaka matuza akucheza. Gugudani nsapato musanavale kuti mwala kapena munga ugwe, ndipo musayende opanda nsapato ngakhale pakhomo pomwe. Kutema mphini pamwendo wotere ndi kudziitanira chilonda chosapola. Yendani mphindi 20 mpaka 30 patsiku pamalo osalala, ndipo usiku yatsani tochi popita kuseri, chifukwa amene mapazi ake sakumva pansi amadalira maso kuti asagwe.

Komanso tisamanamizire nkhupakupa chilichonse. M'zipatala zathu dzanzi loyambira kuzala za mapazi onse awiri nthawi zambiri limachokera ku matenda a shuga, HIV, kachasu, kuchepa kwa vitamini B12, kapena isoniazid wa TB. N'chifukwa chake omwa isoniazid amapatsidwanso pyridoxine (vitamini B6) woteteza mitsempha, koma osachulukitsa mwa inu nokha, popeza akapitirira muyeso nayenso amawononga mitsempha. Dzanzi lokhala ndi zigamba zotuwa pakhungu liyezedwe khate. Aliyense wodandaula miyendo ayezetse shuga ndi HIV, ngakhale akukumbukira bwino tsiku limene anazula nkhupakupa.

Pali zizindikiro zosadikira tsiku la kiliniki: miyendo kufooka ndipo kufookako kukukwera m'mwamba, mbali imodzi ya nkhope kugwa, mkodzo kukanika kapena kungotuluka wokha, khosi kuuma, kapena kupuma movutikira. Wotere apite naye kuchipatala chachikulu cha m'boma tsiku lomwelo.

Wogwira ntchito zachipatala,
Zomba