Za chimbale cha ukwati wanu chija

Wokondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu kumeneko ku Johannesburg. Kuno ku Zomba tilipo, mvula yayamba ndipo anthu ali kalikiliki kubzala.

Chimbale cha ukwati wanu chafika m'manja mwa amayi Loweruka. Pa foni paja munandifunsa kuti chikuchedwa bwanji pomwe kubena, kapena kuti kulemba vidiyo pachimbale, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Simunaname ayi. Chimbale cha DVD cha 4.7 GB, ndikachibena pa liwiro la 4x, chimatha m'mphindi ngati 15. Chimene chinandigoneka pampando ndi kukonveta.

Vidiyo munatumiza ija ndi ya MP4, yojambula pa foni, ndipo DVD player yakale ya amayi siiwerenga. Imafuna MPEG-2, chithunzi cha 720 kwa 576, zithunzi 25 pa sekondi iliyonse. Ndiye kompyuta imayenera kutsegula chithunzi chimodzichimodzi, kuchichepetsa, n'kuchilembanso mwatsopano. Vidiyo yanu ndi ya maola awiri, kutanthauza zithunzi 180,000. Kompyuta yanga ndi Pentium 4 yomwe ija tinkamverapo nyimbo musanapite, ndipo inkatha zithunzi ngati 10 pa sekondi. Mukawerengera, ndi maola asanu amenewo.

Koma maola asanuwo sanakwane, chifukwa ndinasankha kuti idutse kawiri. Ulendo woyamba imangoyang'ana kuti pomwe pali kugwedezeka kwambiri ndi pati, wachiwiri ndiye imagawa malo a pachimbale motengera zimene yaona. Ndinayesapo kaye kamodzi pa kachidutswa, koma pa perekaniperekani, anthu akuvina ndalama zikuuluka, nkhope zinkasweka tizidutswa. Sindikanalola kuti amayi aone nkhope ya mpongozi wawo ili choncho. Motero ntchito inafika pafupifupi maola khumi.

Tsiku loyamba magetsi anathima itatsala pang'ono kutha, zonse n'kuyambiranso. Mtima unandiwawa kwambiri. Tsiku lachiwiri kompyuta inazima yokha chifukwa chotentha. Nditaitsegula ndinapeza fani yadzaza fumbi, ndinaipukuta, n'kuyatsanso usiku kunja kutazizira. Kutacha ndinapeza yamaliza.

Foda ya VIDEO_TS, momwe muli vidiyo yokonveta kale ija, ndaisunga, ndiye azakhali ndi amalume akafuna chawo sindikonvetanso, ndingobena basi.

Amayi anaonera katatu tsiku lomwelo, khonde litadzaza anthu a m'mudzi. Pamene munkalowa m'tchalitchi anandiuza kuti ndiimitse, anayandikira TV n'kukhala chete nthawi yaitali, kenako anapukuta misozi ndi chitenje.

Mwana akadzabadwa mudzajambulenso, koma pa foni mudzasankhe chithunzi chocheperako cha 720p osati cha 1080p. Pa DVD kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni, pomwe kompyuta yanga imapepukidwa. Ndipo isadzapitirire maola awiri, kuti idzakwane bwino pachimbale chimodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu. Amayi akuti muwaimbire Lamulungu madzulo.

Ndine mnzanu wa kalekale.